Mizere Itatu pa Botolo la Che Sufiyani

Gu! Kenaka zii. Gu! kachiwiri.

Ndinadzidzimuka dzanja lili kale pamsana pa Nafisa. Masiku ano chilichonse chogunda usiku ndimayesa chitseko cha Landirova, ngakhale ndikudziwa kuti kuno kwa Chande galimoto sifika mpaka madzi a m'dambo ataphwa. Pamphasa tinalipo awiri, ine ndi mwana. Nditasuzumira panja ndinaona bambo ake ali kudoko, madzi ali m'mawondo, akutsitsira miyala m'boti umodziumodzi. Ndi mafuwa anga omwe anali atawatenga.

Limenelo linali Lolemba. Lero ndi Lachinayi, mwezi wa Juni ukupita kumapeto, chaka cha 1983. Ndati ndilembe za iwo pa masamba otsala m'kope langa lakale la jogalafe, chifukwa kuno munthu akatengedwa dzina lake silitchulidwanso, ngakhale pamaliro a mayi ake. Nafisa ali ndi miyezi isanu ndi inayi. Sangakumbukire kanthu.

Iwo ndi Che Sufiyani, amuna anga. Pa doko la Mposa mukafunsa dzina limeneli ena achita kuganizira kaye, koma mukangoti Che Botolo, aliyense akulozerani boti la thanga loyera. Anabadwira kwa Kawinga. Bambo awo anali telala, ankasoka mikanjo pakhonde la sitolo ku Ntaja, ndiye mwanayo anadziwa kugwira singano asanayambe ndi madarasa a ku mzikiti omwe. Sukulu inayi sanaipondeko. Atakula anapita ku Balaka kukanyamula katundu pa siteshoni ya sitima. Anakhalako zaka zinayi, n'kubwerako ndi zinthu ziwiri: phewa lamanja lowonongeka, thumba la mtedza litawagwera, ndi mawu amene amawakonda mpaka lero, akuti wilibala yopakira mbali imodzi imatopetsa kuposa yodzaza.

Nyanja ya Chilwa itabwerera, pambuyo pa kuuma kwa mu 1968 kuja, anthu anakhamukira kuno kutsata matemba, iwonso anabwera nawo. Kuno maboti amayenda ndi mponda, nsungwi yaitali yokankhira pansi, poti nyanja yathu ndi yosaya. Koma mponda umafuna phewa, ndipo dzanja lawo lamanja silikwera kupitirira khutu. Ndiye anabwerera ku Balaka, n'kukatenga matumba khumi ndi anayi a ufa wa buledi kwa mwenye wina, n'kuwachapa, n'kuwasoka msoko wawiriwawiri ngati wa thalauza. Limenelo ndilo thanga. Palibe anawaphunzitsa. Anagudubuka nalo kawiri, kachiwiriko ndi mbuzi ya mwini, ndipo pa Mposa anawaseka chaka chathunthu.

Botolo linabwera atagudubuka kachiwiri. Ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa, madzi theka, komangidwa chilili patsinde pa mlongoti. M'mbali mwake anakandamo mizere itatu ndi msomali. Boti likapendekeka, madzi a m'botolo amakwera mbali imodzi, iwo n'kumawerenga pamenepo.

Amati boti loyenda chilili ndi laulesi, liyenera kupendekeka pang'ono kuti limve mphepo. Madzi akakhudza mzere woyamba, ndiye kuti layamba. Akafika wachiwiri, pamenepo ndiye pokoma: chiwongolero chimapepuka m'manja, kumbuyo kumatsala kanjira kosalala ngati podutsa njoka. Koma akangopitirira kulowera kwa wachitatu, zonse zimatembenuka. Thabwa la m'mbali limamira n'kumalima madzi ngati khasu. Mphepo imaterereka pathanga n'kuthawira pamwamba m'malo mokankha. Boti limafuna kukhotera kumene mphepo ikuchokera, ndiye woyendetsa amalimbana ndi chiwongolero, chiwongolerocho n'kumakwekwereza chopingasa ngati phazi la munthu wa njinga yopanda mabuleki. Phokoso limachuluka, thovu limachuluka, okwera amakuwa kuti tikuuluka. Ukayang'ana zikhomo za miono ya asodzi, zimadutsa mochedwa kusiyana ndi poyamba.

Anachizindikira ndi tasibihi, mikanda yopempherera. Poyendetsa amakonda kusuntha mikanda m'thumba la mkanjo. Kuchokera padoko lathu kukafika pa chilumba cha udzu wa njedza chili panjira ya ku Mposa, boti likakhala pa mzere wachiwiri mikanda imazungulira kasanu ndi kamodzi. Pa mzere wachitatu, ndi mphepo yomweyo, imazungulira kasanu ndi kanayi. Titakwatirana ndinatenga kachipangizo koyezera makona m'kabokosi kanga ka masamu, n'kuwauza kuti mzere wachiwiri uli cha m'ma digiri khumi ndi awiri, wachitatu wapitirira makumi awiri. Anaseka.

"Madigiri akowo amakapa madzi?"

M'boti mwawo mulibe malo a akulu. Amakhazika anthu molingana ndi kulemera kwawo ndi kumene mphepo ikuchokera. Shehe anasunthidwapo, mkwati anasunthidwapo pa tsiku la ukwati wake. Ine mawu oyamba amene anandiyankhula, tsiku limene ndinkabwera ndi sutikesi nditalekezera Fomu 2, anali akuti, "Sunthirani uku, asukulu, ndi mabuku anuwo." Anthu amadandaula koma amasuntha, chifukwa boti la Che Botolo silinatayepo munthu chigudubukire ndi mbuzi ija.

Nkhani imene yatifikitsa pano inachitika mwezi wa Meyi. Kunabwera mawu akuti amayi a nthambi yathu ya chipani akavine pa msonkhano ku Ntaja. Lole idzatidikira pa Mposa mpaka naini koloko. Boti lalikulu kuno ndi lathu, choncho sanachite kupempha. Tinalipo amayi 26, tonse m'nsalu ya chipani, ine Nafisa ali kumbuyo. Wotitsogolera anali tcheyamani wa nthambi, Che Abdulaziz, wogulitsa mchere ndi palafini. Si munthu woipa. Ankaphunzira madarasa amodzi ndi bambo a Nafisa. Koma chaka chatha anamuimika pagulu ku Ntaja n'kumuuza kuti nthambi ya kwa Chande ili ngati mlamba, imakhala m'matope osaoneka. Mawuwo sanamuchoke.

Tinanyamuka mochedwa kale, chifukwa anatiwerenga katatu. Mayi Modester, mkulu wa amayi, munthu wathupi ndithu, analowa m'boti akuseka.

"Che Botolo, lero mwandiyeza matumba angati?"

"Awiri ndi theka, mayi. Mukhale kumanzere, kutsogolo kwa mlongoti."

"Theka limenelo ndi la mpunga wanu womwewo, mumatigulitsa wonyowa."

Popita ku Mposa mwera umaomba kuchokera kumanzere, boti n'kumapendekera kumanja. Olemera amayenera kukhala kumanzere. Koma kumanja ndi kumene kuli madoko ndi zimbowera, tinyumba ta asodzi toyandama pa njedza. Titangotuluka m'mabango, Che Abdulaziz anaimirira.

"Amayi nonse kumanja! Mukhale m'mphepete, nsalu zionekere. Aone kuti kwa Chande kuli chipani. Yambani nyimbo!"

Tinasuntha. Ungakane? Iyenso anakhala komweko, chipewa m'manja, akubayibitsa asodzi. Ine maso anali pa botolo. Madzi anadutsa mzere wachiwiri nyimbo yoyamba isanathe.

"Atcheyamani," anatero bambo a Nafisa mwaulemu, "mundibwerekeko amayi khumi okha abwere uku. Tikuchedwa."

"Tikuchedwa? Simukumva madzi mmene akulirira? Tikuuluka, Che Sufiyani! Thanga lonse m'mwamba."

"Ndi phokoso chabe limenelo. Taonani uyo."

Pambali pathu panali mkulu wina m'bwato lachikuni, akupalasa mosafulumira, fodya ali kukamwa. Tinayenda naye limodzi mtunda wonse wa pa chilumba cha njedza. Ife sitinamupitirire. Che Abdulaziz anayang'ana kumbali, n'kuuza amayi kuti akweze mawu.

Dzuwa litakwera mwera unalimba. Madzi a m'botolo anapitirira mzere wachitatu, kufika pamene palibe mzere. Funde loyamba linalowa n'kunyowetsa mayi wina, Abiti Sadiki, mpaka m'chiuno. Lachiwiri linalowa ngati wina wakhuthula ndowa. Nyimbo inatha yokha. Ndinamasula Nafisa n'kumuika pachifuwa, sindikudziwa kuti ndinkaganiza kuti zithandiza chiyani. Pamenepo bambo ake anapanikiza chiwongolero ndi bondo, n'kutambasula dzanja lamanzere, n'kugwira tcheyamani pa mkono wa jekete.

"Abdulaziz, dzuka. Khala uku. Amayi, khumi ndi awiri uku, msanga!"

Anamutchula dzina lokha, ngati ku madarasa. Anamukoka, iye n'kukhala pansi m'madzi a m'boti, miyendo m'mwamba. Mayi Modester, mwina ndi mantha, anati, "Ameneyo ndi thumba limodzi, Che Botolo, silikwana!" Amayi anaseka. Ndinaiona nkhope ya Che Abdulaziz pamene amayi ankaseka, ndipo ndinadziwa kuti kuseka kumeneko tidzakulipira ife.

Boti linadzuka. Anapinda thanga pang'ono, madzi a m'botolo anabwerera pa mzere wachiwiri, phokoso linatha, ndipo zikhomo za miono zinayamba kudutsa mofulumira. Mkulu wa bwato uja anatsala kutali. Koma nthawi inali itatayika kale. Tinafika pa Mposa n'kupeza zidindo za matayala a lole pamchenga basi. Ku Ntaja dzina la nthambi yathu linaitanidwa katatu, osayankhidwa.

Che Abdulaziz anaitanidwa ku Ntaja sabata yomweyo. Anagonako masiku awiri, n'kubwera akuyenda ngati nkhalamba. Zimene ananena kumeneko tinazimva pa bwalo, pamene bambo a Nafisa anaitanidwa pansi pa mtengo wa mango pa Mposa. Kunabwera mkulu wina wa chipani wochokera ku Ntaja, wa magalasi akuda, ndi anyamata anayi a malaya ofiira. Mlandu unali woti woyendetsa boti anachepetsa thanga dala kuti amayi achedwe, ndiponso anagwetsa tcheyamani pamaso pa amayi ovala nsalu ya chipani.

Ndinali nditawapempha usiku wonse kuti akangopepesa. Anavomera. Koma atafunsidwa kuti n'chifukwa chiyani anachepetsa thanga, anapisa m'thumba n'kutulutsa botolo. Anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, mmene amafotokozera kwa aliyense wofunsa, akupendeketsa botolo kuti mkuluyo aone mizere. Ankakhulupirira ndithu kuti munthu akaona amvetsa.

Mkuluyo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mukutiuza kuti thanga laling'ono limathamanga kuposa lalikulu?"

"Nthawi zina, bwana. Boti likapendekeka kwambiri."

"Ndipo wolamula m'boti ndi botolo ili, osati tcheyamani?"

"Iyayi, bwana. Ndi mphepo."

Anthu ena anafuna kuseka n'kudzigwira. Mkuluyo anatenga botolo, n'kutsegula, n'kukhuthulira madzi pa nsapato yake ngati akutsuka fumbi, n'kulipereka kwa mnyamata mmodzi. Mnyamatayo analiphwanya pa muzu wa mango.

"Chipani sichipondereza munthu," anatero mkuluyo. "Tikupatsani mwayi. Loweruka lomaliza la Juni kuli msonkhano wina. Amayi mudzawatenga, atakhala mmene tcheyamani wanenera, thanga lonse m'mwamba, kuti tione kuthamanga kwake. Ine ndidzaima pano. Mukadzachedwa, kapena ndikadzamva kuti mwasunthanso munthu, amayi adzakwera lole, inu mudzakwera ndi ine."

Loweruka limenelo ndi mkuja. Mwera wa Juni si wa Meyi. Masiku ano asodzi a mabwato achikuni satuluka m'mabango dzuwa likakwera.

Miyala ya Lolemba ija inali yoyesera. Ankaganiza kuti akaibisa pansi pa matabwa kumanzere, ilimbana ndi kulemera kwa amayi, palibe adziwe. Kutacha ndinawapeza atakhala pa mphuno ya boti, akuyang'ana m'mbali.

"Zatheka?"

"Miyala yolimbana ndi amayi 26 imalemera ngati amayi 26," anatero. "Akakweranso iwo, thabwa litsala zala zitatu pamwamba pa madzi. Funde limodzi basi." Anayamba kuitulutsa. "Tenga mafuwa ako, mwana adye phala."

Ndinawauza za kutsidya. Usiku umodzi ndi thanga limenelo tili ku Mozambiki. Anandifunsa ngati sindinawaone amayi amene akubwera kuchokera kumeneko, opanda ndi mphika womwe, osafuna kunena kumene amuna awo ali. Ndinawaona. Sindinabwerezenso.

Lachiwiri madzulo anapita kwa Che Abdulaziz, ine ndinatsatira ngati ndikukagula mchere. Anakhala pakhonde, mnzawoyo akuyeza palafini osadzutsa mutu.

"Abdulaziz, unaona wekha."

"Ndinaona."

"Ndiye Loweruka ungonena iwe kuti amayi khumi akhale kumanzere. Ukalamula iwe, palibe mlandu."

"M'botimo muli makutu, Sufiyani. Ukuganiza kuti za jekete anazimva kwa ine ndekha? Ndikasintha mawu, ndiye kuti ku Ntaja ndinanama. Akwera Landirova ndi ine." Anavula kofiya n'kupukuta kumaso. "Ndili ndi ana asanu ndi awiri."

"Mkazi wako akhalanso m'botimo."

"Ndikudziwa kumene mkazi wanga akhale."

Kenaka Che Abdulaziz anandipatsa mchere, wochuluka kuposa umene ndinapempha, n'kulowa m'nyumba.

Dzulo bambo a Nafisa anatenga mponda wakale umene unali padenga la khola, n'kuupala, n'kupita nawo kudoko. Ndinawaona akuyesa kukankha boti lopanda kanthu m'ngalande ya m'mabango. Akakweza dzanja lamanja nkhope imakwinyika ngati aponda munga. Anatembenuka n'kuyamba kukankhira kumanzere, mmene sakankhira munthu aliyense kuno. Anabwera dzuwa litalowa, malaya atamatirira. Phewa ndinalithowa ndi madzi otentha. Linali litatupa ngati papaya.

Lero atabwera ku mzikiti ku swala ya masana anatsitsa thanga pa mlongoti, n'kubwera nalo pakhonde, n'kuliyala pamiyendo. Anandipempha lezala.

"Mukufuna kusoka pati?"

"Sindikusoka."

Anapeza poyambira msoko, pa ngodya ya m'munsi, n'kudula ulusi woyamba. Akusomola bwinobwino, osang'amba nsalu, mmene bambo awo ankasomolera mkanjo wolakwika. Zaka khumi ndi zitatu thanga limeneli likuyenda panyanja pano.

"Bambo a Nafisa, mkulu uja anati thanga lonse m'mwamba."

"Anatero."

"Ndiye mukanena chiyani?"

"Ndikanena kuti thanga kulibe. Sindikhala ndikunama." Anakoka ulusi wautali n'kuukulunga pa chala. "Popanda mphepo yokankha pamwamba, amayi onse akhale kumanja mmene akufunira, boti lifika pa mzere wachiwiri n'kuima pomwepo. Ndilibe botolo koma ndikudziwa. Tidutsa m'mphepete mwa mabango, mopanda mafunde, mmene madzi amalekeza m'chifuwa. Ngakhale litapendekeka, munthu aima. Asodzinso nsalu aziona bwino, tidutsa pakhomo pawo penipeni."

"Ndi mponda ndi maola asanu ndi atatu. Ndi phewa limenelo?"

"Khumi, mwina. N'chifukwa chake tinyamuka mawa tikatuluka ku swala ya Juma, mukagone pa Mposa. Abdulaziz sakana, alibe boti lina. Lole ikamafika ikupezani mutasamba kale."

"Sitichedwa, chabwino. Koma akaona mlongoti uli wokha, anena kuti mwachita dala."

"Ndachitadi dala."

Ndinakhala pansi. Nafisa anakwawira pa nsaluyo n'kuyamba kuimenya ndi manja, akuseka phokoso lake. Bambo ake anamusuntha pang'ono kuti asafike pa lezala.

"Mwina akaona kuti tafika msanga akhululuka," ndinatero.

Anamaliza thumba loyamba, n'kulikung'untha, n'kulipinda kanayi. Zilembo za mwenye wa ku Balaka zikuonekabe pang'ono mkati mwa msoko, mmene dzuwa silinafikemo.

"Atuluka khumi ndi anayi," anatero. "Awiri ndi otha, enawo ndi abwino. Mbali imodzi ungosoka, usoke kawiri. Muikemo mpunga. Ukavina Loweruka usabwerere kuno, upite kwa mayi ako, mpunga ukutsatira ndi bwato la mnzanga Che Hamadi. Boti likatsala pa Mposa, wina akafuna kuikapo thanga, umuuze za mizere. Iwe umaidziwa ndi madigiri omwe."

Ndikulemba izi ali pa thumba lachisanu ndi chimodzi. Ati akamaliza apita kwa Che Abdulaziz kukamuuza kuti amayi akonzeke mawa masana. Akatero adutsira kwa Che Hamadi kukabwereka mponda wachiwiri, poti wakalewu wayamba mng'alu ndipo sakufuna kuti ukathyokere panjira.